Mkazi mnzanga anali kanjoka

Amuna anga anayamba kuweta njoka titangosamukira ku Barking, mu London. Mzungu wina amene ankagwira naye ntchito yoyendetsa mabasi ankachoka mu London, ndiye anawasiyira njoka ziwiri za ku Amereka, zamizere yakuda ndi yoyera, zimene amati kingsnake. Akuti zilibe ululu. Amuna angawo, munthu wa ku Kasungu, amene kwawo akaona njoka amathamangira mpini wa khasu, anabwera nazo pa sitima atakumbatira bokosi pachifuwa.

Ndinalolera. Yaikazi itaikira mazira, ndinalolerabe. Koma mazirawo ataswa, m'nyumba mwanga munalowa mitala.

Tinjokato tinali tating'ono ngati zingwe za nsapato. Kalikonse kanali ndi kabokosi kakekake, chifukwa mtundu umenewu umadyana wokhawokha. Tinjokato titafundula koyamba, amuna anga anagula timbewa tongobadwa kumene, topanda ubweya, touma ndi chisanu, n'kusunga mufiriji yanga pambali pa usipa umene amayi ananditumizira. Munthu amene anakula akukumba mbewa m'minda kuti adye yekha tsopano ankazigula kushopu kuti adyetse njoka. Ankasungunula timbewato m'madzi ofunda, m'kapu yanga ya tiyi, n'kumapisamo chala kuti amve ngati madziwo sanatenthe kwambiri.

Tinjoka tonse tinadya kupatula kamodzi. Kameneko ndi kamene kanandilanda mwamuna.

Akaweruka sankavula n'komwe nsapato. Ankapita molunjika kwa kanjokako n'kugwada. Ankatsuka kambewa kuti fungo lichepe, kanjokako osadya. Ankakaboola kumutu ndi singano kuti fungo limveke, osadya. Tsiku lina anapita mpaka ku Ilford kukapempha khungu limene buluzi anafundula, kwa munthu wogulitsa ziweto, n'kudzakhuza nalo kambewako. Kenako ankakapana ndi kachitsulo, n'kumakavinitsa pamphuno pa kanjokako, uku akunyengerera.

"Idya, mwanawe. Ingolawako pang'ono."

Ine ndili kukhitchini, nditangobwera kuchokera kuntchito yanga yosamalira okalamba, miyendo itatupa, ndikumva zimenezo. Mawu otsika, ofewa, amene ine ndinawamva komaliza tili pa chibwenzi ku Zomba. Ndinkachita nsanje, ndipo osati pang'ono. Nsanje yeniyeni, yootcha pachifuwa, ndi kanthu kopanda miyendo.

"Chakudyatu chikuzizira," ndinkatero.

"Ingoika mu microwave, ndikubwera. Kangodya kaye aka."

"Kodi ine munandifunsa liti ngati ndadya?"

"Iwe ndiwe wamkulu, ukudziwa kuli firiji. Aka kakapanda kudya this month, kafa."

Chopweteka kwambiri n'chakuti ndinalibe kodandaulira. Mwamuna akamachedwa kwa mkazi wina, umauza amayi a kutchalitchi, iwo n'kutuma amuna awo kuti amukhazike pansi. Koma ine ndikanangotsegula pakamwa kutchalitchi kwathu ku Tottenham kuti amuna anga amagwadira njoka, pofika Lamlungu linalo nkhani ikanamveka ku Kasungu kuti tinakhwima. Alendo akati abwera, mabokosi onse tinkabisa kuchipinda n'kutseka chitseko. Choncho ndinkangomeza, n'kumaseka nawo.

Kanjokako kanaonda mpaka khungu linachita makwinya m'mbali. Amuna anga nawo anayamba kuonda. Ankakasamalira ngati mmene timachitira ndi mlendo kwathu: kumukhalira pafupi, kumuyang'anitsitsa, kumukankhira mbale, kumufunsa chifukwa chake sakuwonjezera. Anali atauzidwa ndithu kuti njoka yaing'ono imaopa, imafuna kuisiya yokha pamdima. Ankayesa, koma mtima sunkawalola. Pasanapite nthawi ankatsegulanso chivundikiro kuti aone ngati mlendo wayamba kudya.

Kenako kunagwa maliro a Mmalawi mnzathu ku Luton, ndipo amuna anga anayenera kukagona kumeneko ndi azibambo anzawo. Anandisiyira malangizo ambirimbiri ataima pakhomo, dzanja lili pachitseko. Kundiuza zoti nditsale bwino anaiwala.

Loweruka masana ndinasungunula kambewa. Zovinitsa, ine ayi. Zonyengerera mkazi mnzanga, ayinso. Ndinatenga kachidebe ka majarini, n'kuboola timabowo pachivundikiro, ndinaikamo kanjokako, ndinaponyamo kambewa, n'kukankhira kachidebeko m'kabati ya pafupi ndi thanki ya madzi otentha, mmene timaumitsira matawulo.

"Ufune udye, ufune usiye," ndinakauza, n'kutseka kabatiyo.

Ndinapita kukalukitsa tsitsi kwa mnzanga wina wa ku Chipata. Tinacheza, tinaseka, tinamwa tiyi, za njoka ndinaiwaliratu. Nditabwerako n'kutsegula kachidebe kaja, kambewa munalibe. Kanjokako kanali katadzipinda phee, pakati pake pali potupa.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa kapeti. Ndisaname, ndinasangalala, koma osati chifukwa cha kanjokako. Ndinkaganiza kuti basi, nkhondo yatha, mwamuna wanga abwerera kwa ine. Ndinakabwezera m'kabokosi kake mosamala. M'mawa mwake ndinaphika nkhuku, ndinakolopa, ndinavala diresi imene iwo anandigulira kale.

Anafika chakumadzulo, otopa, maso ofiira chifukwa chosagona. Ndinawauza asanatule n'komwe chikwama. Anandidutsa, anathamangira kuchipinda, anakhalako nthawi yaitali. Atatuluka misozi inali ikulengeza m'maso, ndipo anandikumbatira mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa.

"Zikomo, mayi. Zikomo kwambiri."

Ndinatsamira pachifuwa pawo, ndikumva mtima wawo ukugunda. Ndinatseka maso, ndikudikira kuti anene kanthu za tsitsi langa latsopano. Chibwano chawo chinali pamutu panga, patsitsi lomwelo, pamene anandifunsa motsitsa mawu.

"Kanayamba kumeza kumutu kapena kumchira?"