Nyumba Tinaiona pa Pasaka

Amuna anga nyanja anaidziwira pa wekishopu. Ankagwira ntchito ya boma ku Lilongwe, ndipo chaka ndi chaka ankawatengera ku Mangochi kukakhala m'chipinda chozizira, kumwa tiyi wa masamusa ndi kusainira alawansi. Akabwerako nkhani inali imodzimodzi. "Mayi, ndikadzapuma ntchito tikakhala kunyanja. Kumene kuja munthu safa msanga." Ine ndinkangoseka. Munthu wa ku Dowa, woti kamtsinje ka kwathu ankawoloka atapinda buluku mpaka m'ntchafu, nyanja ankaifuniranji? Koma atalandira za penshoni ndinaona kuti sankacheza.

Nyanjayo sindinkaikana ayi. Nkhawa yanga inali imodzi, ndipo sindinaibise. Tonse tinali titakula, iwo anali ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, ana athu ali ndi mabanja awo ku Lilongwe. Kwathu munthu akatsirizika m'nyumba, mkazi amatuluka pakhomo n'kulira mokweza, ndipo asanatope azimayi afika kale, amuna akutulutsa mipando, wina akuika masamba pamsewu kuti wodutsa aliyense adziwe. Ngakhale ku Kawale kumene tinkakhala zinali choncho. Ndiye ndinawauza kuti, "Bambo, nyumba iliyonse ndilowa, bola ikhale poti ndikalira wina amve." Iwo anati ndimakonda kuitana imfa.

Tinapita kukaona nyumba Loweruka la Pasaka, chifukwa ndi pamene mwana wathu wamwamuna anapeza mpata wotiyendetsa. Munthu wotisakira nyumba anatidikira pamsewu wa ku Monkey Bay, pokhotera ku Nkhudzi, ndipo anali ndi nyumba ziwiri zoti ationetse.

Yoyamba inali pakati pa mudzi, ya malata, yolimba bwino, ndi mtengo wa mango kuseri. Tisanatsike n'komwe m'galimoto, azimayi a nyumba yoyandikana anali atatipatsa kale moni, wina akutiyalira mkeka. Ine mtima unakhala pansi. Amuna anga anangoyenda kamodzi kuzungulira nyumbayo mphuno ataikwinya. Chapafupi panali mathandala oyanikapo usipa, ndipo fungo lake linkafika mpaka kuchipinda. Ana anali pikitipikiti. Abambowo ataona mzikiti pataliko pang'ono ndi chimkuzamawu pamwamba pake, nkhani inathera pomwepo. "Ndagwira ntchito moyo wanga wonse ndikudzutsidwa ndi wotchi. Ndipume ntchito kuti azindidzutsanso mbandakucha?"

Yachiwiri inali pamzere wa makoteji, nyumba zija anthu a m'tauni amamanga m'mphepete mwenimweni mwa nyanja. Tsiku limenelo kunali anthu ngati ku ukwati. Pageti lililonse panali galimoto, utsi wa kanyenya uli tolotolo, nyimbo zikulira, ana akusewera mumchenga. Bambo wa nyumba yoyandikana, wamimba yake ali chosavala malaya, anatiitana n'kutipatsa chambo chowotcha. Mkazi wake anandikumbatira ngati tinakulira limodzi. "Mukagula tikhala pachibale, amayi," anatero. Amuna anga anandiyang'ana monyadira. "Mwaona? Simumafuna anthu inu? Ndi awa anthu." Anthuwo ndinkawaonadi ndi maso angawa.

Tinasamuka mwezi wa Meyi, pakati pa sabata. Lole itatsitsa katundu n'kubwerera, ndinatuluka kuti ndikapereke moni kwa achibale atsopano aja. Ndinapeza loko wamkulu pageti. Geti lotsatira, loko. Ndinayenda mzere wonse mpaka kumapeto, ndipo chimene chinandiyankha ndi galu mmodzi wowonda kuseri kwa mpanda. Eni ake a nyumbazo anali ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ankabwera pa Pasaka, pa Khirisimasi, mwina ndi pa holide ina akakhala ndi mafuta. Masiku ena onse nyumbazo zinali za alonda, ndipo alondawo ankafika madzulo n'kuchoka m'mawa, komanso sankakhalitsa pantchito. Ukangoyamba kumuzolowera wina, mawa lake wabwera wachilendo.

Ndinalusa, ndipo ndinalusa nthawi yaitali. Amuna anga ankati bata ndi limene anadzera kuno. Ankakhala pakhonde ndi wailesi yawo, kuyang'ana madzi amene sanawapondemo ngakhale tsiku limodzi. Mipanda inali ya njerwa, yaitali, pamwamba atazikapo magalasi oswa. Mudzi uja unali kuseri kwathu komweko, moti tambala wa kumeneko tinkamumva, koma kuti ufikeko unkayenera kuyenda mzere wonse wa makoteji, kukhota kumapeto, n'kubwereranso. Tchalitchi chathu chinali ku Monkey Bay, ndipo tinkapitako galimoto ikafuna.

Munthu yekha amene ankagogoda pageti pathu anali mayi wina wa m'mudzimo, wogulitsa nsomba. Anali Msilamu, wamtali, wosaseka wamba, wolankhula Chichewa chokokera ku Chiyao. Ankabwera m'mawa ndi beseni la utaka kapena mcheni. Ine ndinkanenerera mtengo dala, osati chifukwa nsomba zadula, koma kuti akhalitse pang'ono ndimve mawu a munthu.

Tsiku lina sanabwere. Mlonda wa nyumba yoyandikana, akuweruka, anandiuza kuti amuna ake a mayiyo amwalira m'mawa womwewo. Ndinamanga chitenje nthawi yomweyo. Amuna anga anandiletsa. "Mukuthamangira chiyani? Thupi likadali m'nyumba, abale sanafike n'komwe. Tipita mawa pa mwambo weniweni, titagula shuga, tivale bwino. Anthu atione kuti tabwera." Kwathu zimayendadi choncho, maliro amagona, ena mpaka masiku awiri kudikira wa ku Joni. Mawa lake tinanyamuka, iwo atavala jekete, ine shuga ali kumutu. Tinapeza pabwalo atasesa. Munthu anali ataikidwa dzulo lake masana. Kuno Msilamu akamwalira m'mawa, dzuwa silimulowera ali kunja.

Mayiyo anatilandira m'nyumba, n'kulandira shugayo ndi manja awiri. "Mwabwera, zikomo," anatero, osawonjezera kanthu. Azimayi amene anakhala naye anatiyang'ana kuyambira kunsapato. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindidzawaiwala. Pambuyo pake maliro ena ankachitika m'mudzimo, koma uthenga sunkafika kwathu. Wonena uthenga sagogoda pa makoteji, chifukwa amadziwa kuti mulibe anthu. Tinkangomva patapita sabata kuti uje anapita.

Chaka chachitatu amuna anga anagwa kubafa n'kufa ziwalo mbali imodzi. Anagonekedwa kuchipatala ku boma, kenako anatibweza kunyumba kuti tizikawasamalira. Ana anabwera, anakhala masiku ochepa, n'kubwerera kuntchito. Anatiuza kuti tipite nawo ku Lilongwe, koma bambo awo, ndi pakamwa popotoka pomwepo, anakana. Ndinkawatembenuza ndekha, kuwasambitsa ndekha. Nthawi zina ndikuwapukuta msana ndinkafuna kuwafunsa kuti, anthu anu aja ali kuti? Sindinafunse, chifukwa maso awo ankaonetsa kuti funsolo akulidziwa.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julayi, mphepo ya mwera ikuwomba mwamphamvu. Ndinali nditapita kukhitchini kukatenga phala. Pobwera ndinapeza mutu wapendekeka, dzanja labwino lija lagwera pansi. Ndinawatseka maso, ndinawawongola miyendo, n'kuwafunditsa nsalu. Kenako ndinachita zimene mkazi aliyense wa kwathu amachita. Ndinatuluka pakhonde, manja kumutu, n'kulira ndi mawu anga onse.

Ndinalira mpaka kukhosi kunawawa. Ndikasiya kuti ndimvetsere, ndinkangomva mafunde ndi chitseko cha koteji ina chikumenyeka ndi mphepo. Alonda anali ataweruka kale. Ndinapita kuseri, pafupi ndi mpanda woyang'ana kumudzi, n'kuliranso kumeneko. Mphepo inkachokera kumwera n'kumatengera mawu anga kunyanja. Palibe anabwera. Ndinaimbira ana, iwo anayamba kulira pafoni, n'kunena kuti anyamuka pompano, koma Lilongwe si pakhomo. Ndinaimbira mkulu wa mpingo ku Monkey Bay, anati asonkhanitsa anthu, apeze galimoto, afika masana.

Ndinathyola nthambi za mtengo wa pabwalo n'kukaziika ndekha pamsewu, kutsogolo kwa geti. Nditaimirira ndinaona kupusa kwake. Msewu umenewo sudutsa munthu.

Ndiye ndinakhoma chitseko, amuna anga ali m'katimo, n'kuyamba kuyenda. Ndinadutsa mageti onse aja ndi maloko awo, ndinakhota kumapeto, ndinalowa m'mudzi wopanda nsapato, chifukwa ndinaiwala kuvala. Ndinadutsa pa nyumba ija tinaikana. Munali mutalowa banja lina, mayi wake akuchapa pansi pa mango, anzake awiri atakhala pambali akumuchezetsa. Ndinapeza mayi wa nsomba uja akutembenuza usipa pathandala.

"Amayi, kwagwanji? Nsapato zili kuti?"

"Abambo atisiya."

Ananena mawu ena a Chiarabu motsitsa, n'kupukuta manja pachitenje. Kenako anandiyang'anitsitsa. "Ndiye mwabwera nokha kudzanena? Mwini wake wa maliro? Nanga iwowo mwawasiya ndi ndani?"

"Okha."

"Okha m'nyumba?"

"Ndakhoma."

Anagwira pakamwa. Sanandinyoze, ndipo mwina akanandinyoza zikanandipepukira. Anangoitana mayina angapo m'Chiyao, azimayi atatu n'kutuluka m'nyumba zawo akumanga mipango. Tinabwerera limodzi njira yozungulira ija. Panjira mmodzi wa iwo, wachikulire, anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Pepani mama. Ife timayesa a m'makoteji simufera kuno. Timangoona galimoto zikubwera, zikupita."

Anatulutsa mipando okha, popeza panalibe mwamuna woti atulutse. Anayala mikeka pabalaza lalikulu lija amuna anga ankalinyadira, ndipo tinakhala pakona imodzi, anthu asanu, malo ena onse ali mbee. Nyimbo zathu sankazidziwa, ndiye sitinaimbe. Ndikayamba kulira, ankalira nane. Anakhala mpaka a mpingo atafika, kenako ana. Mawa lake tinanyamula thupi kupita ku Dowa, kumene kunali anthu osawerengeka, ndipo aliyense ankandiuza kuti abambo anachita mwayi, anafera pamalo okongola. Mayi wondikumbatira pa Pasaka uja anamva patapita miyezi. Anatumiza uthenga pafoni, wokhala ndi kachithunzi ka manja opemphera.

Ana anati nyumbayo tiigulitse ndikakhale nawo. Ndinavomera. Koma ogula nawonso amabwera pa holide, pamene apeza mpata. Pasaka yapitayi mwana wanga anabwera ndi banja lina, mwamuna wangopuma kumene ntchito, mkazi wake wofatsa, wovala mpango wa chigwirizano cha amayi. Mzere wonse unali utadzaza, kanyenya akununkhira, bambo wamimba uja akugawa chambo. Mwamunayo anali ataikonda kale nyumbayo. Mkaziyo ananditsatira kukhitchini n'kundifunsa monong'ona, "Amayi, anthu a kuno ndi otani? Pakagwa vuto amathandiza?"

Ndinamuyang'ana, ndipo ndinaona kuti funsolo walisunga njira yonse. Ndinati, "Musagule lero. Mudzabwere Lachiwiri m'mawa, mudzaime pakhondepo, mudzaitane."

Sanabwerenso. Mwana wanga anakwiya kwambiri, anati ndikuthamangitsa ogula dala, ndiye ndizikhala momwemo mpaka nzeru zitabwera. Mwina akunena zoona. Koma ine sindingamugulitse mkazi mnzanga nyumba yoti adzaonemo m'mawa ngati umene ndinauona ine.

Ndiye ndikadali pano. Masiku ano ndikangomva kuti m'mudzi mwagwa zovuta, ndimasiya chilichonse, ngakhale madzi ali pamoto, n'kuthamanga. Ena ayamba kundipatsa moni wa pa dzina la mwana wanga. Koma mpanda sunafupike, ndipo njira ikadali yozungulira. Amuna anga anali ndi ine woti ndiwalire, ngakhale panalibe wondimva. Ine ndikadzagwa m'nyumba muno sipadzakhala ngakhale wotuluka pakhonde.

Mwezi watha ndinamupatsa mayi wa nsomba uja kiyi wa geti ndi wa chitseko cha kukhitchini. Ndinamuuza kuti akadzagogoda m'mawa ine osayankha, asadzaganize kuti ndapita ku Lilongwe, adzalowe. Anamangirira makiyiwo pakona ya chitenje chake, n'kundifunsa ngati lero nditenga utaka kapena mcheni.