Ndinamata dzina labodza pa njinga ya apongozi

"Bambo anga ali m'chitokosi chifukwa cha inu!" Anakuwa choncho mkazi wanga kunyumba kwathu ku Croydon, kunja kuno komwe timagwira ntchito, foni ili m'manja, yunifolomu ya kuchipatala asanavule n'komwe. Ine poti ndine wamtima wapachala, ndinamenya tebulo n'kumuuza kuti atseke pakamwa. Komatu wolakwa ndinali ine.

Inu owerenga, nkhani yake ndi iyi. Apongozi anga, mkulu wa mpingo ku Ntcheu, ankayendera akhristu akumapiri pa njinga yakapalasa. Nditapita kumudzi ndinadzitama pagulu kuti ndiwatumizira njinga yamoto ya ku Japan, zolimba zija. Kubwerera kuno, malipiro a ulonda wanga ku Wembley anakana. Ndiye ndinagula yotchipa, ya kampani yongokopera, yofanana ndendende ndi ya ku Japan ija. Wogulitsayo anachita kundiuza kuti makampani awiriwa akukokerana kukhoti chifukwa choberana maonekedwe a njinga. Ndinangoseka. Ndinamatula dzina lake pathanki, n'kumatapo chizindikiro cha kampani ya ku Japan chogula pamsika, basi n'kuikweza m'kontena.

Madalawo anakaionetsa kutchalitchi, mpingo wonse n'kundipempherera. Itayamba kuvuta anapita nayo ku Blantyre, kwa oimira kampani yeniyeniyo. Kumeneko anapeza kuti nambala ya injini si yawo, nati alipo akuba amene akugulitsa njinga zotere m'dzina lawo. Anaitana apolisi. Munthu waimvi, woti sanabepo ndi nkhuku yomwe, anavulidwa lamba ndi nsapato. Powafunsa, anayankha kuti mkamwini wawo ndi munthu woopa Mulungu, ayenera kuti naye anachita kupusitsidwa.

Mkazi wanga atandiuza mawu amenewo, ukali wonse unandithera, ndinasowa poyang'ana.

Abale anga amene muli kunja kuno, tumizani chomwe mwakwanitsa, ndi dzina lake lomwelo. Apongozi akanaikwera njingayo mokondwa. Amene ankafuna dzina lalikulu ndinali ine.

Kutacha ndinakagula khadi ya foni n'kuimbira mlamu wanga, yemwe anali kupolisiko. Mlamuyo atapereka foni kwa wapolisi, ndinaulula zonse, ndipo wapolisiyo anawatulutsa madalawo m'chitokosi n'kuwapatsa foniyo. Ndinagwada pakapeti, ngakhale sankandiona.

"Bambo, palibe anandipusitsa. Dzina lija ndinamata ndine."

Ndinkangomva kupuma kwawo. Ndinakhalabe chogwada mpaka khadi inatha.