Bodza la magetsi ku Wovwe

Ndinanama, ndipo a Tusekile, anzanga a mu ofesi ya alimi a mpunga ku Wovwe, anadziwa. Iwo amangolemba mndandanda wa zofunika pa fomu ya alimi, pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa laibulale n'kulemba yokha khodi yonse (malangizo oyendetsera fomuyo), yoyera ngati mpunga wopeta. Ine, pofuna kuoneka katswiri, ndinakhalira kusintha khodiyo pamanja masiku atatu, osawerenga chenjezo la pamwamba loti isakhudzidwe. A Tusekile atayendetsanso laibulaleyo, inalembanso khodi yatsopano, ntchito yanga yonse n'kufufutika.

"Ndi magetsi anathima aja," ndinatero.

"Achimwene, laputopu ili ndi batire," anayankha mofatsa, akundikokera mpando. Anandionetsa posinthira penipeni, pa mndandanda uja, ntchito ya mphindi ziwiri basi. Sanauze munthu. Mpaka lero magetsi akathima muofesi, ine ndimayang'ana pansi.