Nyali ya Zainabu yafiira, amayi atenga lichero

Salaam aleikum nonse, tamvani za lero kuno ku Rivirivi.

Chitsirizira wathu Zainabu wabwera kuchokera ku koleji ndi kakompyuta konga bokosi la machesi, malangizo ake walemba yekha. Wakaika m'khola la anapiye a amayi. Kukazizira kamayatsa nyali yabuluu, kukakhala bwino yobiriwira, kukatentha yofiira.

Koma manambala oyezera kutenthawo anangokopera m'phunziro la anthu a kumayiko ozizira. Ndi kutentha kwa Balaka kuno, nyali yafiira dzuwa lisanakwere n'komwe.

Pochokera kumunda tapeza amayi atagwada m'kholamo, thukuta lili kamukamu, akukupiza anapiye ndi lichero. Anapiyewo akungojompha gaga, alibe nazo ntchito.

Zainabu misozi ili m'maso: "Iyayi amayi, ndalakwitsa ndine, anapiye ali bwinobwino!"

Amayi amvekere: "Ndawaona kalekale kuti ali bwino. Koma yanena ndi nyali ya mwana wanga. Ndikainyoza ine, aimvera ndani?"

Zainabu wakonza manambala, pano nyali yabiriwira, koma amayi lichero sanabwezebe kukhitchini.

Achimwene a ku Nayuchi, paja munkati ameneyu akungoseweretsa mawaya. Lero mukutipo bwanji?