Mapuleti a Mahinjesi Amene Aikitsa Alamu Anga Zida Pansi

Lachiwiri, pa 11 Juni, wogulitsa wa m'sitolo ya zitsulo anaseka alamu anga pamaso pa anthu asanu. Ndinawawerenga. Tsikuli ndalilemba m'kope langa, mmene ndimalembera zonse zotere.

Alamu angawa ndi kalipentala, amuna a mlongo wanga. Anayamba kupala matabwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo lero mutu wonse ndi imvi. Madesiki a pasukulu imene ndinaphunzitsa anakhoma ndi iwo. Ana anawakanda, anawalumphira, koma mpaka pano alipo. Chala chawo china n'chachifupi, sowo inadyako. Salankhulalankhula. Akapachika chitseko amachitsegula n'kuchitseka katatu atatchera khutu, kenako amangoti, "Chagona." Mahinjesi amene akhala akumanga moyo wawo wonse ndi aja a mapiko awiri, oonekera kunja.

Mwana wanga wamkazi ndiye anafuna kuti alamu amukhomere kabati ya kukhitchini ya zitseko zitatu, ya mahinjesi obisika, ndipo mahinjesiwo anawabweretsa yekha m'katoni. Hinjesi yotere ili ndi kachikho kolowa m'bowo kuseri kwa chitseko, ndi mkono umene umakakola kachitsulo komangidwa m'kati mwa kabati. Kachitsuloko amati puleti. M'katonimo mapuleti munalibe.

Tinapita kusitolo tonse awiri.

"Mukufuna a ziro, a 3, a 6 kapena a 9?" anafunsa wogulitsa uja, maso ali pa foni.

Alamu anayang'ana ine, poti wa sukulu ndine. Ndinaganiza mmene aliyense angaganizire: zitseko n'zolemera, ndiye nambala ikhale yokulirapo. Tinatenga a 6. Wogulitsayo sanafunseko ngakhale kuchindikala kwa thabwa.

Chitseko choyamba chimamangidwa pa thabwa la m'mbali. Ziwiri zinazo zimagawana thabwa limodzi la pakati, china uku, china uko. Ndi mapuleti a 6, choyamba chija chinathawira m'kati, m'mphepete mwa thabwa mukuonekera. Ziwiri za pakati zinkakhulana. Alamu anapotoza timasikuluwu tosinthira mpaka pothera, osathandiza.

Tinabwereranso. "Aaa, mukanatenga a ziro," anatero wogulitsa uja, ngati tinakana ife.

Ndi a ziro chitseko choyamba chinaphimba thabwa lonse bwinobwino. Alamu anachitsegula katatu. "Chagona," anatero, nkhope ili gwaa, chifukwa sanadziwe chimene chachigoneka. Koma za pakati zija zinafika poipa: china chikatsekeka, chinzake chimakwera pamwamba pake.

"Alamu," anandifunsa, "inu munaphunzitsa masamu. Ziro akuphimba kwambiri kuposa 6 bwanji?"

Ndinatenga pensulo. Thabwa ndi la mamilimita 18. Ndinachotsera, ndinaphatikiza, ndinagawa pawiri, ndinajambula ngakhale chithunzi. Pepala linadzaza, yankho osatuluka. Nambalayo ikuyeza chiyani? Msinkhu wa puleti? Gawo limene chitseko chikuphimba? Mpata wotsala? Pa kapepala ka m'katoni pali mivi ndi zilembo zokhazokha, popanda chiganizo ngakhale chimodzi.

Ulendo wachitatu ndiwo wa pa 11 Juni uja. Alamu anavula chipewa, nafunsa mwaulemu funso lomweli.

"Yesani a 9," anatero wogulitsa, "koma atha."

Mnzake ali pa makwerero anakuwa kuti, "Ayi, a 3 amakwana paliponse!"

Wachitatu, amene ankayeza misomali, anati vuto si puleti konse, pakati pamafunika hinjesi ya mkono wopindika.

"Ndiye ndimvere uti, bambo?" anafunsa alamu.

Apa m'pamene wogulitsa uja anaseka. "Madala, zinthu izi si za nthawi yanu. Kapumeni, mwagwira ntchito."

Anthu atatu, mayankho atatu, koma wosadziwa n'kukhala alamu anga!

Tinatuluka m'sitolomo, ine ndi alamu. Atafika pa kabati ija anayang'ana thabwa la pakati lija, limene tsopano lili ndi mabowo ngati lafumbwa, nakulunga puleni ndi matchizulo m'thumba. "Mwina akunena zoona," anatero. "Thabwa ndimalimva. Izi sindikuzimva." Sabata yatha mayi wina woyandikana nawo anabwera kudzakhometsa tebulo, iwo anamubweza. Mlongo wanga akuti amangokhala pa benchi yawo yopalira, manja ali pa maondo. Ndawauza kuti a 6 aja ndinasankha ndine, koma akuti mmisiri sanamizira kasitomala.

Ine ndikuwadziwa. Sadzamasula thumba lija mpaka zitseko ziwirizo zitatsekeka, ndipo iwo atamvetsa chifukwa chake.

Choncho inu eni sitolo, amene sindinakuonenipo koma ndikumva kuti mumawerenga, ndiyankheni polemba. Pa thabwa la mamilimita 18 lonyamula zitseko ziwiri pamafunika puleti ya nambala yanji, ndi hinjesi ya mkono wotani? Ndipo nambala imene yadindidwa pa puletiyo ikuyeza chiyani?