Chingwe cha Apongozi Anga

Apongozi anga anachapa ndi kuyanika zovala za pakhomo pano kwa zaka makumi anayi. Palibe amene ankaitcha ntchito. Malaya ankangopezeka oyera m'kabati ngati amamera momwemo.

Atadwala sitiroko, dzanja lawo lamanja linafa. Tinawakhazika pampando pakhonde, bulangete m'miyendo. "Mwagwira zambiri, amayi, pumani tsopano," ankatero amuna anga. Anapumadi. Anasiya kulankhula, chakudya ankangochilawa, ndipo ankatha ife tikuona.

Achipatala anatitumizira mayi wina amene amaphunzitsa odwala kugwiranso ntchito zawo za tsiku ndi tsiku. Anatulutsa timipira tofinya m'chikwama. Apongozi anangotembenukira kukhoma.

Mayiyo anabweza timipirato. "Amayi, dzanjali mukufuna lidzakugwirireni chiyani?"

"Azidya okha," anayankha amuna anga.

"Ndi kumanga mabatani," ndinawonjezera ine.

"Pepani, ndafunsa eni dzanja."

Manyazi anatigwira. Kenako apongozi analoza ndi chibwano kuchingwe, kumene ndinayanika zovala m'mawa umenewo.

"Taonani zimenezo," anatero, lilime likulemera. "Malaya sapanira m'mapewa. Mwana wanga akupita kuntchito atamera nyanga."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti. Ine kuseka kunandivuta. Miyezi itatu ndikuchapa ndekha, mawu oyamba n'kukhala ondidzudzula! Komabe chidwalire anali asanalankhulepo mawu ambiri chotero.

"Ndiye tiyambira pamenepo," anatero mayiyo.

Amuna anga anakana. "Anthu adzati chiyani akaona munthu wodwala akuyanika zovala ife tilipo?"

"Bambo, ife timayang'ana zinthu zitatu: munthu, ntchito imene mtima wake ukufuna, ndi malo amene akuigwirira. Dzanja likamachedwa, timakonza malowo. Za anthu sizili pamndandanda."

Mayiyo anatsitsa chingwe kuti munthu azichifikira atakhala pampando. Beseni analiika patebulo, kumanzere. Mapegi atsopano olimba anawaika padera, n'kusankha akale ofooka amene ndinkafuna kutaya. Tsiku limenelo apongozi analimbana ndi kampango kamodzi, thukuta lili chuchuchu. Kanagwa kawiri. Nditathamanga kuti ndiwayanikire, mayiyo anandigwira mkono. Kachitatu kanakhala.

Madzulo ake apongozi anamaliza mbale yonse ya chakudya.

Dzanja lija silinabwerere lonse, ndipo mabatani timawamangirabe. Koma Loweruka lililonse ine ndimachapa, iwo n'kumayanika, malaya mozondotsa, pegi m'munsi. Zimatenga m'mawa wonse, ndipo thawulo limakhudza pansi nthawi zina. Beseni amanyamula ndi amuna anga, omwe aja ankaopa maso a anthu.

Sabata yatha ndinawamva akufunsa, akupukuta manja m'thalauza: "Kodi amayi, zovala zimachuluka chonchi masiku onse?"

"Ndi zako zomwezi," anatero apongozi. "Bweretsa pegi."