Kangaude ndi Kanyumba Kopanda Denga

Mwezi mukuuona ukuwalawu ndinautsuka ndine. Ndinakwera ndi ndowa kumanja, sopo m'thumba, ndipo timadontho takuda tinatsalato ndi pamene madzi anandithera. Chabwino, ndanama. Ine kungokwera pampando kuti ndisinthe babu, mutu umazungulira ngati fani. Wokwera m'mwamba m'banja mwathu ndi mmodzi yekha, mwana wa mlongo wanga, amene tonse timangomuti Kangaude.

Dzinali analitengera kuntchito. Ankatsuka mazenera a nyumba zosanjikizana, zija zoti ukayang'ana pamwamba chipewa chimagwa. M'mawa ankamanga lamba m'chiuno ndi m'ntchafu, kukoloweka ndowa, n'kutsetsereka pachingwe kuchokera padenga. Pansi magalimoto ankaoneka ngati nyerere, ndipo mitambo ina yaulemu inkayamba yaodira isanamudutse.

Kumwambako kuli zii. Umangomva kamphepo ndi kulira kwa labala wopukutira pagalasi. Kangaude ndi wolota ali maso chibadwire, ndiye zenera lililonse linkamubwereka moyo wina. Apa ankakhala bwana wosaina mapepala, m'munsi mwake dokotala wa mano, akatsikanso pang'ono kalaliki wosinza pakompyuta. Pofika pansi amakhala atagwira ntchito zonse za m'tauni n'kupuma nazo.

Koma panali zenera limodzi pamene chingwe chinkachita ulesi. M'chipindamo munali anthu ojambula mapulani a nyumba, ndipo pakona, pafupi ndi galasi, pankakhala mdala wina wopanga tinyumba ta makatoni toonetsa makasitomala. Timakonde, timasitepe, timitengo ta siponji, tianthu tochepa ngati mutu wa machesi. Kangaude ali mwana ankamaliza makatoni onse a mayi ake ndi zomwezo, mpaka anamanga mzinda pansi pa bedi langa, ine n'kumapempha chilolezo kuti ndigone. Akasuzumira m'katimo ankadziona atachepa, akuyenda m'timisewu timeneto, akugogoda patizitseko, wina n'kumuyankha kuti lowani.

Tsiku lina mpando wa mdalayo unapezeka wopanda munthu. Masiku anapita, mpeni ndi guluu zili pomwepo, kanyumba kena kali yasa, kopanda denga.

Nkhaniyi anabwera nayo kunyumba ine ndili pomwepo. Mkazi wake, amene nthawiyo anali woyembekezera, anaimva akusita.

"Inu, kapitawo wanu uja si anachotsa mnzanu chifukwa choyankha foni ya ntchito ina ali pachingwe? Mwanayu adzagona m'katoni?"

"Sindikufunsira ntchito ayi. Ndikungoyang'ana."

"Kuyang'ana kwanuko ndimakudziwa. Ndi mmene munandiyambira ine."

Kangaude anatembenukira kwa ine. "Amalume, kodi n'kulakwa kusaka ntchito ina uli pantchito?"

Ndinamuuza kuti bwana anagula manja, maso sanagule. Mkazi wake anati bwana anagula nthawi, ndipo maso amayendera nthawi yomweyo. Kenako anandifunsa ngati tiyi ndamaliza, zimene m'nyumba imeneyo zimatanthauza kuti khomo ndi ilo.

Kangaude sanalembe kalata, sanaimbe foni. Anangoyamba kakhalidwe kachilendo. Akapaka thovu pazenera lija, asanapukute, ankajambulapo ndi chala denga la kanyumba kaja. Lero losongoka, mawa lopendekeka, mkuja lokhala ndi kazenera kotulukira nkhunda. Dzuwa linkalowa m'mizeremo n'kukagwetsa chithunzi cha dengalo patebulo, pamwamba penipeni pa kanyumbako, moti kwa kamphindi kankaoneka kofoleredwa ndi kuwala. Akatero ankadutsitsa labala, zonse n'kufufutika, kuopa kuti wina pansi waona.

M'katimo wina anaonadi. Mayi wovala mandala, woyang'anira ofesiyo, anayamba kumasiya cholembera chingwe chikangofika pazenera. Tsiku lina anamuloza Kangaude, n'kuloza mpando wopanda munthu uja.

Vuto linali loti zenera limenelo linawala kuposa onse. Mbalame zinkachita kuima pamzere kudzadziyang'anirapo, pamene mazenera ena anali ndi mizere ngati nkhope ya mwana wolira. Kapitawo, munthu amene anaseka komaliza ali kumsana kwa mayi ake, anaima pamsewu n'kukweza maso. Kangaude atatsika anamupeza akudikira.

"Iwe Kangaude, pazenera apo pali chibwenzi?"

"Ayi bwana."

"Galasi timaliyang'ana, sitiliboola ndi maso. Enawa atsuke ndani, agogo ako? Ndikaonanso zimenezi lamba uyo undisiyira."

Kangaude anapita kwawo. Mpando unali kumuitana, lamba ndiye ankadyetsa banja, ndipo pakati pa ziwirizi panali galasi lokha.

Zimene zinachitika pambuyo pake amazifotokoza bwino ndine, ndipo posachedwapa ndinkazifotokozera alendo amene anabwera kudzaona khanda. Ndinawauza kuti mnyamatayo anadzikankha ndi mapazi pakhoma, n'kuuluka ngati ali pakatungwe mpaka kukakhudza mtambo, pobwerera n'kulowera pazenera, n'kutera pampando chingwe chikadali m'chiuno. Anadula katoni, kumata denga, kugwirana chanza ndi mayi uja, n'kutulukanso kapitawo asanamalize kuyasamula. Ndinawauzanso kuti zonsezi ndinaziona ndi maso angawa, chifukwa amene anamugwirira chingwe padenga tsiku limenelo ndine.

Alendo anali kukamwa yasa. Kangaude anali pakona, khanda lili pamiyendo, zala zili guluu yekhayekha monga zimakhalira masiku ano akaweruka.

"Amalume," anatero osakweza mawu, kuopa kudzutsa mwana, "mazenera a nyumba ija satseguka."

Ndinati tsiku limenelo linatseguka.

Kangaude anapitiriza: "Ndinayamba ndabwereza mazenera onse amene ndinawalakwira aja. Kenako ndinamuuza kapitawo maso ndi maso kuti nthawi ya chakudya chamasana ndikukafunsira ntchito m'katimo, akafuna lamba wake atenge. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti ndikatengedwa ndimalize kaye mwezi, komanso ndipukute mapazi ndisanaponde kapeti ya anthu. Ndinakwera masitepe ngati munthu."

"Ndi zomwe ndikunenazo," ndinatero, "kungoti ndafupikitsa."

"Nanga padenga paja munakwera liti, poti babu la kuchipinda kwanu ndinadzasintha ndine, inu mutagwira mpando mutatsinzina?"